Kope la mvula la atate

Kitwe, 6 Seputembala 1999

Okondedwa Atate,

Muli bwanji ku Bundabunda? Bondo lija lasiya kuvuta? Ine kuno ndili bwino, chimwemwe chokhachokha.

Paja ndinkangotayipa makalata ku ofesi. Tsopano ba Norbert, akulu a ntchito, andiyika pophunzira kumanga masamba a pa intaneti, oti munthu akalemba funso, tsambalo limuyankha. Pali pulogalamu yomwe imabwera ndi zambiri zokonzeratu, ngati nyumba yoimika kale mitengo ndi denga, iwe n'kungomata. Masiku atatu oyamba inkangondikanira, kenaka ba Norbert anandionetsa kuti ndinaiwala kachizindikiro kamodzi kokha. Tsiku lachinayi ndinalemba dzina lanu, tsamba n'kuyankha kuti moni a Zebron. Ndinaseka ndekha mpaka anzanga kucheuka.

Nkhani ndi iyi. Tilipo atatu, malo ndi amodzi. Pa 30 mwezi uno aliyense aonetse chomwe wamanga, ndipo wokhoza ndiye atsala pa ntchitoyi. Anzangawo akukopera zitsanzo za m'buku la Azungu. Ine ndakumbuka kope lanu lija, momwe mwakhala mukulemba tsiku logwa mvula yoyamba ndi zomwe munakolola kuyambira 1971. Ndikufuna munthu akalemba chaka, tsamba limuuze zonsezo. Ba Norbert atamva anaika pansi kapu ya tiyi, akuti zotere ngakhale alangizi a zaulimi angazifune.

Ndikudziwa kopelo silituluka m'nyumba, ngakhale abambo mfumu a ku mishoni munawakaniza. Pempho langa ndi loti achimwene a Yoramu akopere zaka zonse, anditumizire msanga kudzera pa positi ya ku Chongwe.

Koma pali kanthu. Pulogalamuyi ndaiuza kuti isalole chaka chopanda kanthu, ndipo tsamba la 1986 mulibe m'kopemo. Munkati ndi makoswe, mpaka munabwereka mphaka kwa a Fyness. Sanali makoswe, Atate. Ndinang'amba ndine, kukulungira zitumbuwa popita kusukulu. Zaka khumi ndi zitatu ndakhala chete, ndipo ndikuchita manyazi. Ngati mukukumbuka mvula ya chaka chimenecho, muwauze a Yoramu alembe. Mukakumbuka, ine ndilibweza tsambalo pomwe khoswe sangafike.

Moni kwa amayi, achimwene ndi alamu anga a Nelesi, ndi azakhali ku Kanakantapa.

Ndine mwana wanu, khoswe wa m'nyumba mwanu,
Mapalo