Mpunga woyera m'kachitini ka a Mbah Wagirah

Aphungu,

Mvula yangokata kumene, ndipo ano ndi masana, nthawi imene amayi amapumula pang'ono. Ndapezerapo mpata wokulemberani, chifukwa ndi pakamwa sindingathe. Ndine mtsikana wa zaka 22, sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo ndimakulunga tempe, chakudya chopangidwa ndi soya, m'masamba a nthochi kwa azakhali anga. Pagulu ndimakhala kumbuyo. Ngakhale moni ndimayankha nditayang'ana pansi. Koma sabata ino mudzi wonse ukutchula dzina langa.

Kwathu kuno nyumba iliyonse imathira kampunga kotapa ndi zala m'kachitini kapakhomo dzuwa likamalowa. Abambo olondera mudzi akamazungulira amakhuthulira mpungawo m'thumba, ndipo ukachuluka umathandiza pamaliro ndi kwa osowa. A Kang Sarjono, mkulu wa alondawo, ali ndi chizolowezi chawo: akapeza kachitini ka munthu wokalamba kalibe kanthu, amagogoda kuti amve ngati mwini nyumba ali bwino.

Kuseri kwa nyumba yathu kumakhala a Mbah Wagirah, okhaokha, ana awo onse ali ku Jakarta. Ndi gogo wa pakamwa pakuthwa. Amadzilimira mpunga wofiira pakamunda kawo, ndipo woyera wogula amati ndi chakudya cha alesi.

Lachiwiri m'mawa, ndikupita kuntchito, ndinadutsa pogulitsira tiyi n'kumva a Kang Sarjono akuseketsa anzawo. "A Mbah Wagirah alemera, anthuni. Dzulo m'kachitini mwawo ndapezamo mpunga woyera. Kaya apeza mwamuna wa m'tauni?" Onse anaseka, wina n'kuwauza kuti akafunsire okha asanachedwe. Ine sindinaseke. Ndinabwerera n'kudzera kwa a Mbah. Dzuwa linali litakwera, koma nkhuku zinali zikadali m'khola, ndipo pabwalo panali posasesa, pamene iwo amasesa anthu asanabwereko kumzikiti. Ndinaodira katatu osayankhidwa. Kenako ndinamva kugogoda kwapansipansi, ngati supuni ikumenya poto. Chitseko chinali chopiringidza mkati.

Ndinathamangira ku kanyumba ka alonda kumene kumalendewera ng'oma ya nsungwi. Chibadwire sindinaigwirepo, ndipo sindinaonepo mkazi akuiimba. Kaimbidwe ka maliro, ka moto, ka wakuba, sindikusiyanitsa. Ndinangoimenya mofulumira osapumira, osadziwa kuti kameneko ndiko ka wakuba. Abambo anatuluka m'minda ya chinangwa ndi zikwakwa ndi ndodo. Amalume anga anafika thovu la sopo lili m'mutu. Aliyense ankafunsa kuti wakubayo walowera kuti, ndipo mawu anga anatuluka aakulu moti ndinadzidabwa ndekha: "Thyolani chitseko cha a Mbah!"

Tinawapeza pansi kukhitchini, supuni ili m'manja. Anaterereka Lolemba masana n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Abambo anawanyamula pa chitseko chomwe anathyolacho mpaka kumsewu, kumene galimoto yonyamula matabwa inawatengera kuchipatala. Adokotala anati likanadutsa tsiku lina, tikanakamba zina. Ali moyo, Aphungu. Ayamba kale kukalipira anamwino kuti phala la kuchipatala lilibe mchere.

Tsiku lomwelo kunabwera a Pak Hartoyo, wapolisi amene amayang'anira mudzi wathu, n'kukhala pansi ndi akuluakulu. Agwirizana kuti chizolowezi cha a Kang Sarjono chikhale lamulo kwa mlonda aliyense. Agwirizananso kuti amayi akhale ndi gulu lawo loyendera m'mawa nyumba zisanu ndi ziwiri za okalamba ndi ya bambo wina wosaona, ndipo akuti wotsogolera ndikhale ine. Loweruka pamsonkhano adzandipatsa kang'oma kangakanga, ndipo akufuna ndidzalankhulepo. Amayi anga akuuza aliyense wodutsa, ngakhale wogulitsa nsomba.

Tsopano nachi chimene sindinauze munthu. Mpunga woyera uja ndinathira ndine.

Lolemba madzulo, mvula ikugwa, ndinaona kachitini ka a Mbah kalibe kanthu, chitseko chili chotseka. Ndinaganiza kuti mpunga wawathera, ndipo sindinafune kuti alonda awagogodere, mawa n'kumveka kuti a Mbah asowa ngakhale kotapa ndi zala. Ndinatapa wathu, kuthira mwakachetechete, n'kuthawa. Sikanali koyamba, kungoti kale ndinkathira wofiira wonga wawo. Ndikudziwanso amayi awiri amene amachitira okalamba ena chimodzimodzi, pofuna kuwabisira manyazi.

A Kang Sarjono akuti kachitini kakanakhala kopanda kanthu akanagogoda, ndipo a Mbah akanagona kuchipatala Lolemba lomwelo. Akudziimba mlandu kuti anaona mpunga wachilendo n'kungouseka. Asiya ngakhale kupita kukamwa tiyi.

Dzulo ndinakawaona a Mbah. Anandigwira padzanja n'kunena kuti, "Nduk, mwana wanga, munthu uja ndinamumva akuthira mpunga. Ndinaitana, koma mvula inandiposa mawu. Ukamudziwa umuuze kuti mtima ali nawo wabwino, koma mutu ndi wa nkhuku." Atatero anandifunsa ngati nkhuku zawo ndazipatsa madzi.

Ndichite chiyani, Aphungu? Ndikaulula ndikuopa kuti adzandilanda udindowu, amayi anga n'kusowa poyang'ana. Ndikakhala chete, lamulo latsopanoli lidzadalira kachitini kamene anthu amathirirana mobisa, ndipo tsiku lina gogo wina adzagona pansi alonda akudutsa pakhomo.

Ndamaliza kulemba Lachinayi, nthawi ya 3 koloko, kumzikiti akuitanira pemphero.

R.N., Wonosari

Mwana wanga R.N.,

Choyamba landira moni wanga wa manja awiri. Pogulitsira tiyi paja panali abambo angati? Onse anamva nthabwala ija, koma amene anabwerera kukayang'ana khola la nkhuku ndiwe. Unagwira ng'oma imene sunaigwirepo, ndipo gogo akukalipira anamwino lero chifukwa cha dzanja lako. Zimenezi palibe angakulande.

Kodi uulule? Inde. Koma ndikuuze, chinsinsi chakocho chabooka kale. A Mbah akhala nawe pafupi chibadwire chako, ndipo mapazi ako amawadziwa ngakhale mvula ikugwa. Uthenga wa mutu wa nkhuku uja anakupatsa chifukwa akudziwa kuti mwiniwake sakhala kutali. Sanakuyalutse pagulu, anakutsegulira khomo. Mawa lomweli pita kuchipatala, ukhale pambali pawo, unene kuti munthu uja ndiwe. Adzakukalipira, upirire. Munthu amene wakusungira mkwiyo sakutuma kukamwetsa nkhuku zake.

Pochokera kumeneko ukawapeze a Kang Sarjono. Bambo ameneyo akusenza katundu amene theka lake ndi lako, ndipo si bwino kuti aliyembekeze Loweruka kuti apume. Ngati ukuopa kupita wekha, tenga amayi ako, koma uyambe wawauza kunyumba, asadzamvere pamsonkhano. Kenako nonse mukawauze a Pak Hartoyo, chifukwa akumanga lamulo pa chinthu chimene iwe wekha ukudziwa kuti chili ndi mng'alu.

Za kulankhula pagulu usavutike nazo. Palibe akufuna mawu ambiri. Tenga kachitini ndi mpunga woyera m'manja, uwaonetse zimene unachita, unene chifukwa chake, ndi zimene zinatsatira. Amayi awiri aja usawatchule maina. Akaona kuti iwe waima n'kunena, ndipo denga silinagwe, adzadziwa okha chochita. Pempha kuti lamulo likhale ndi mbali yachiwiri: kachitini kathiridwe ndi dzanja la mwini nyumba basi. Wofuna kuthandiza gogo amupatse mpunga m'manja masana, akuonana maso, gogoyo akathire yekha. Manyazi abisika, ndipo kachitini kanena zoona.

Sindikukhulupirira kuti adzakulanda udindo. Mudzi wanzeru ungasankhe ndani, amene sanalakwepo, kapena amene akudziwa pamene kachitini kamanama? Wina akadzakuseka, umukumbutse kuti ena anabwera ndi zikwakwa kudzagwira gogo wothyoka chiuno.

Ndikuchenjeze ziwiri. Gulu lanu la m'mawa lisamakhutire ndi zizindikiro, kaya ndi bwalo losesa kapena utsi wa kukhitchini. Musamachoke pakhomo musanamve mawu a mwini nyumba, ngakhale akhale okukalipirani. Ndipo Loweruka lisanafike, uwapemphe a Kang Sarjono akuphunzitse kaimbidwe konse ka ng'oma. Ulendo uno mudzi wathamangira wakuba n'kupeza wodwala, zayenda bwino. Ulendo wina amalume ako adzayamba atsuka kaye thovu m'mutu.

Aphungu