Dzina la Malemu Jairos

Lolemba, 6 Juni 1994

Tabwerako kuchipatala. Mwana wamwamuna. Dzanja lamanja zala ziwiri zokha, zinazo timitu. Pamwendo mzere wozama ngati anam'manga ndi ulusi. Anamwino akuti thumba lomwe amakhalamo m'mimba linang'ambika, tizingwe take n'kukulunga zala. Akuti si mlandu wa munthu.

Lachitatu, 8 Juni

Peggy, mkazi wa mlamu wanga Fackson, nayenso wachira. Mwamunanso! Zala zonse mbwee. Apongozi nthungululu mpaka mawu kusasa. Kwa ine anangosuzumira pakhomo, amvekere, "Ndinanena ine, wapakati saluka. Mwam'manga nokha mwanayu." Nanga Peggy sankaluka? Si ine ndinam'phunzitsa?

Lachisanu, 10 Juni

Dzina la malemu apongozi aamuna, Jairos, analonjeza kuti n'la mwana woyamba wa a Bizwell, amuna anga. Lero ndamva Agnesi woyandikana nafe akuti lipita kwa Peggy. Eti munthu amene anali mphunzitsi wamkulu sangadzuke mwa mwana wosadzagwira choko. A Bizwell chibadwire mwana sanam'nyamule.

Lamlungu, 12 Juni

Amvano abwera kudzaona ana. Wa Peggy wayenda m'manja monse, sopo ndi matewera mulu. Wanga angom'vundukula pang'ono, "Pepani." Pepani chiyani, wamwalira? Peggy wadzandibweretsera phala, kumwetulira konse. Mtsikana wosatha ndi kuchapa komwe! Ndikum'chitira nsanje, ndalemba, Mulungu awerenge. Ndinafika poyang'anitsitsa khanda lake kufuna ndipezepo kachilema. Palibe.

Loweruka, 18 Juni

Atulutsa ana onse awiri lero. Dzina lapitadi. Jairos ndi wa Peggy. Fackson sanabwere kuchoka ku Lusaka, ati ntchito. Ine ndinakhala kumapeto kwa mphasa, mano ndalumanitsa.

Apongozi, osandiyang'ana n'komwe: "Nanga winayo mumuti ndani?"

A Bizwell anadzuka n'kugwada patsogolo panga. "Mayi a mwana, ndipatseni." Anam'fukula m'shawelo pamaso pa onse, n'kuika chala chawo m'kadzanja kaja. Tizala tiwirito tinagwira zolimba.

"Amayi, uyu ndi Bizwell. Langa ndilo ndili nalo."

Nthungululu panalibe. A Bizwell anakhala naye pansi pomwepo, thewera n'kuwanyowetsa buluku lakutchalitchi. Nditatambasula manja kuti ndim'tenge, anakana.