Amuna anga atsala ndi Chisoli chokha

Aphungu,

Mtima wanga wasweka. Amuna anga, ba Lemmy, anawachotsa ntchito ku fakitale pamene makampani ankagulitsidwa. Chaka chisanathe anadwala sitiroko, mbali yakumanja inafa. Atatsitsimuka, Chinyanja ndi Chingerezi zonse zinali zitathawa. Pakamwa panatsala Chisoli, chiyankhulo cha makolo awo.

Ine ndine wa ku Chipata, Chisoli sindichimva. Ana athu, Daliso ndi Edna, nawonso sachimva, chifukwa bambo awo omwewo ankakaniza. Ankati, "Chisoli sichingakupatse nchito mu tauni."

Tsiku lililonse ankabwereza mawu amodzimodzi, misozi ikutsika. Ine ndinkathamangira nshima. Achinyamata a kutchalitchi kwathu anati ndi ziwanda, anawapempherera mofuula mpaka mawu kusasa.

Sabata yatha kunabwera alamu anga a Rachael kuchokera kumudzi. Atangomva mawu aja analira. Anati, "Mulamu, bakamba ati mubatembenuze, musana ubaba." Titawatembenuza tinapeza chilonda kumsana komwe kunkawapwetekako. Masiku onsewo amuna anga ankandipempha chinthu chaching'ono chotero, ine n'kumawapatsa chakudya.

Tsopano alamu akuti awatengere kumudzi, komwe kuli anthu owamva. Ndiwakanize bwanji? Koma amuna anga akapita, ndikudziwa kuti sadzabweranso. Ndatha nzeru.

J.P., Nangongwe, Kafue

Mayi J.P.,

Pepani kwambiri. Choyamba, chilondacho chionedwe kuchipatala mawa lomwe, ndipo muziwatembenuza pafupipafupi. Si ziwanda ayi. Sitiroko nthawi zina imatseka ziyankhulo zophunzira munthu atakula n'kusiya cha paubwana. Achinyamatawo apemphere motsitsa mawu, odwala si ogontha.

Sindikunamizani, Chinyanja chawo mwina chibwerera pang'ono, mwina ayi. Choncho musakhale pansi kuchidikira. Pemphani alamu anu akhale nanu kaye, akuphunzitseni mawu a madzi, ululu, kuzizira ndi chimbudzi. Daliso ndi Edna akhale pomwepo, mitu yawo ikadali yofewa. Amene mumva Chisoli pamsika, mupatseni moni, mumuitanire kunyumba. Za kukaniza ana Chisoli kuja zisiyeni, munthu ali pamphasa saimbidwa mlandu.

Za kumudzi musamalize awirinu ndi alamu. Mwini wake alipo, ndipo nzeru zake sizinafe. Alamu awafunse m'Chisoli, inu muli pomwepo mukuyang'ana nkhope yawo.

Koma chenjerani, mayi. Musafunse ngati simunakonzeke kumva yankho. Akanena kuti akufuna kwawo, musawatsekereze. Mangani katundu wa anthu awiri, wawo ndi wanu.