Atate Sakwana pa Foni

Lolemba, 10 Febuluwale 2025

Komboni yathu ya Kanyama yonse dziwe. Ndafika ku senta yophunzirira makompyuta nsapato zili zonyowa, fungo la zimbudzi zosefukira mpaka m'tsitsi. Nseru tsiku lonse.

Ba Moven, mphunzitsi wathu, apereka ntchito yomaliza: webusaiti ya tsamba limodzi, yooneka bwino pa laputopu ndi pa foni pomwe. Lamulo lawo: pa foni tsamba lisamayende chammbali. Likatero, ziro.

Anzanga akupangira mahotelo a m'mutu mwawo. Ine ndipangira shopu ya atate: mageti, mafelemu a mawindo, mbaula. Nditawauza anazimitsa makina owotcherera n'kundifunsa kawiri ngati nkhope yawo idzakhalapo. Ndalonjeza.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Tsiku lojambula. Atate atseka shopu m'mawa wonse, munthu amene sanatseke ngakhale pa ukwati wa mlongo wawo. Suti ya kutchalitchi, kumapazi magambutsi. Anaima pambali pa geti lawo lalikulu la mikondo, manja kumbuyo ngati akuimba nyimbo ya fuko. "Unijambule bwino, Luyando. Na ku Kitwe bazaniona."

Auza kale ba Nkole, makaniko wa pafupi, amene amawaseka kuti ndi wachikale. Loweruka la sabata yamawa ba Nkole ndi anzawo abwera ku shopu kudzawaona pa intaneti. Aitanidwa ngati ku chilanga mulilo, phwando lija la chakudya cha mkamwini ukwati usanachitike. Tsamba lenilenilo ndisanalembe ndi mutu womwe.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Magetsi anabwera 11 koloko. Laputopu ya ku senta mabatani onse mafuta, wina amadyerapo vitumbuwa. Ndinapukuta ndi mpango, ndinataya mpangowo.

Oliver, wa mpando woyandikana nane, wakopera tsamba lonse pa intaneti, wangosintha mtundu. Mawu achilatini odzazira malo akadali m'munsi, sanawaone n'komwe. Ba Moven akuti ndi laukhondo. Ndinafuna kulavula. Munthu wosasiyanitsa margin ndi padding, mpata wa kunja ndi wa m'kati mwa bokosi, koma mapewa m'mwamba.

Langa ndalemba ndekha mzere uliwonse. Pa laputopu n'lokongola, sindibisa. Atate pamwamba ndi geti lawo, pansi pake mizati itatu ya katundu.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Pa foni nyansi zokhazokha. Chithunzi cha atate n'chotambalala, chikutulukira kunja kwa sikirini n'kukoka tsamba lonse chammbali. Ndikachichepetsa, atate asanduka nyerere. Ndikachidula, geti lopanda mwini, apo ayi theka la nkhope ndi khutu limodzi.

Maola atatu. Bandulo ya intaneti yathera mavidiyo a anthu olankhula ngati akuthamangitsidwa. Mutu ukuwawa. Lero ndadana ndi CSS yokonzera maonekedwe a tsambayi, ndadana ndi getilo, ndadana ndi pakamwa panga polonjeza msanga.

Kunyumba atate andifunsa ngati zikuyenda. Ndati zikuyenda.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Tsiku lopereka. Mphindi khumi zotsala, tsamba likutererekabe. Oliver anasuzumira, mpweya wake wa anyezi m'khosi mwanga. "Uvutikila chani? Faka chabe display none. Bonse bachita so."

Mzere umodzi: sikirini ikakhala yaing'ono, chithunzi chibisike. Ndinalemba. Tsamba linakhazikika pomwepo.

Ba Moven anatsegula pa laputopu, anaona atate, anachepetsa windo kukhala ngati sikirini ya foni, anaona kuti tsamba silikuyenda chammbali. Anandipatsa 82. Oliver 85. Ndikonza mawa bwinobwino, lero ndatopa.

Loweruka, 22 Febuluwale

Dzulo sindinakonze. Ndinali ku komboni ya Matero ndi a m'kalasi, kudya michopo, nyama yowotcha ija, kuseka nthabwala za Oliver yemweyo. Senta Loweruka yotseka. Ndinakumbukira nditaona benchi itasesedwa kutsogolo kwa shopu.

Ba Nkole ndi amuna anayi. Zakumwa zozizira. Atate anatulutsa kafoni kawo kosweka pakona, ine ndinawalembera adiresi ya tsamba. Linatseguka: dzina la shopu. Mageti. Mbaula. Nambala. Atate anatsitsa ndi chala chawo chopsa mpaka pansi, anakwezanso, anatsitsanso. Ba Nkole anayesa pa yawo. Enanso pa zawo. Chimodzimodzi.

Ku Kanyama kuno ndani amatsegula tsamba pa laputopu? Pafupifupi masabata awiri sindinadzifunse.

"Mageti yaliko," anatero ba Nkole. "Manje mwine wake ali kuti?" Kuseka mpaka wina kutsamwa.

Atate anakweza foni m'mwamba, uku ndi uku. "Ni netiweki chabe. Mvula iyi." Sanandiyang'ane. Anandibisira manyazi pamaso pa anthu, ine nditawabisa iwo dala.

Alendo atapita anasonkhanitsa mabotolo okha, sanalole kuti ndiwathandize. Kenako, motsitsa mawu: "Kapena ninaoneka voipa, mwana wanga? Uniuze chabe, sinizakalipa."

Ndinayamba kufotokoza za masikirini aang'ono, za ba Moven, za ziro. Ankangovomera ndi mutu, mwaulemu, ngati ndine kasitomala. Kumva mawu anga omwe kunandinyansa.

Lolemba ndifufuta mzere uja, ndi ntchito ya mphindi imodzi. Koma ba Nkole sangabwerenso kachiwiri, ndipo atate akuganizabe kuti anaoneka moipa.