Maungu a Amayi Padenga la Bambo

Zengeza, Chitungwiza
Lachitatu, 13 Disembala 1978

Okondedwa achemwali anga a Tryness,

Landirani moni wochokera kuno. Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga a Mackson ndi ana muli bwino ku Wanki kumeneko, ndiponso kuti chifuwa chinkavuta alamu chija chinaleka. Kuno tadzuka. Mlamu wanu Winifred ali bwino ngakhale miyendo yayamba kutupa. Mwezi wake wochira ndi wa Febuluwale. Bambo akudya, ndipo anenepako. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima wanu ukhale kaye pansi, chifukwa zotsatirazi si zabwino.

Kodi mukukumbukira tsiku lomwe ndinataya madzi ku nazale ya fodya kupulazi ya mzungu kuja? Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Bambo anandipatsa keni yothirira yodzaza, ine ndinapunthwa, madzi onse n'kuthera m'kanjira kapitawo akuona. Bambo atacheuka ndinangoti kukamwa yasa, mawu osatuluka. Inu munanena kuti mwendo wanu ndiwo unandikola. Bambo anakwapula inu, ine ndili chilili ndi keni yopanda kanthu.

Papita zaka zoposa makumi awiri. Ndadutsa ku mishoni ndi ku yunivesite, ndimaima pamaso pa ana asukulu makumi anayi tsiku lililonse, koma pamaso pa bambo pakamwa panga ndi pomwe paja.

Mukudziwa kuti anabwera kuno mu Ogasiti, mzungu atathawa nkhondo ndipo komboni ya antchito itabalalika. Chomwe sindinakulembereni ndi mmene analili masabata oyambirira. Anzawo achizezuru, eni dziko lino, anapita kumidzi kwawo. Iwo kuno alibe mudzi, ndipo ku Dedza komwe anachoka ali mnyamata palibe angawazindikire. Ankangokhala pa njerwa pakhomo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, manja ali pamaondo, chakudya n'kubwerera chosakhudzidwa. Pabwalo pathu ndi pathanthwe, khasu sililowa. Kudambo anthu amalima mobisa, koma chimanga chake chimatchetchedwa ndi a khonsolo chisanache.

Chipinda chawo ndinawamangira kuseri kwa nyumba. Malata sankapezeka, choncho mmisiri wathu a Fabiano anathira denga la konkire lafulati. Tsiku lomwelo anandiuza kuti dengalo ndi lotchinga mvula basi, popeza zitsulo anaikamo zochepa. Ndinamva bwinobwino, achemwali. Ndikulemba izi kuti musadzaimbe mlandu munthu ameneyu.

Nzeru ya dimba la padenga inali yanga. Ndinadula migolo isanu ndi iwiri pakati, ndinatolera zitini za parafini, zonsezo n'kuziboola pansi kuti madzi azituluka. Dothi ndinasakaniza lopepuka: utuchi wa kwa kalipentala, manyowa a nkhuku ndi mchenga pang'ono. Ndinaliyeza pa sikelo ya kusukulu, ndinawerengera kulemera kwake konse, ndipo masamu anandilola. Pakona, pamwamba pa khoma, ndinaika mgolo umodzi wa madzi. Kuchokera pamenepo ndinayendetsa paipi m'mizere yonse, nditaiboola ndi singano yamoto kuti madzi azidontha pang'onopang'ono patsinde pa mbewu iliyonse.

Bambo atakwera makwerero anayang'ana paipiyo nthawi yaitali, kenaka anaseka, kuseka kwawo koyamba chibwerereni.

"Aphunzitsi," anatero, chifukwa ndi mmene amanditchulira akafuna kundinyogodola, "mbewu si wodwala wa m'chipatala woti muzimupatsa madzi ndi dontho."

Atatero anatulutsa m'jekete kabotolo ka phulusa. Munali nthanga za maungu a amayi, aja ofiira m'kati, omwe ankati anachokera nawo kwa agogo. Zinatsala zisanu ndi zinayi. Anadzala zonse, m'migolo itatu ya pakati. Kwinako anafesa mpiru, khobwe, therere, matimati ndi tsabola wa kambuzi.

Ine ndimachoka m'mawa kupita kusukulu, n'kubwera dzuwa litapendeka. Masanawo bambo ankabwereka wilibala, n'kupita pa chulu china cha ku Nyatsime kukatenga makande. Ankawakweza ndi ndowa ndi chingwe, tsiku ndi tsiku, mpaka dothi langa lonse analichotsa. Ankati ndi zinyalala za kalipentala. Mabowo a pansi pa migolo anawatseka ndi sanza ndi dongo, chifukwa kwa iwo madzi odontha pansi ndi madzi otayika, ndipo mukudziwa chomwe madzi otayika ankabweretsa kupulazi. Paipi yanga anaisiya kuti izidontha, koma pamwamba pake ankathirira ndi keni m'mawa ndi madzulo, monga anachitira ku nazale zaka makumi atatu. Anawonjezanso mgolo wina wa madzi, n'kuukhazika pakati penipeni pa denga.

Zonsezi ndinkaziona. Winifred ankandiuza m'Chishona chake kuti, "Taurai nababa," ndiye kuti ndiyankhule ndi bambo. Ine ndinkati mawa. Ndikanayamba bwanji? Munthu anali atayamba kuimba. Anansi omwe poyamba ankaseka kuti achimwene alima kumwamba poti pansi alibe munda, tsopano ankaima pampanda kupempha nkhwani. Bambo ankawaponyera masamba ali padenga ngati mfumu. Ndinadziuza kuti konkire imapirira kuposa mmene mabuku amanenera. Ndinaleka kutsegula kope lomwe munali masamu aja.

Kenaka mvula inayamba kumapeto kwa Novembala, ndipo migolo yotsekedwa ija inasanduka zithaphwi.

Masabata awiri apitawo Winifred anapeza fumbi loyera pa bulangete la bambo. Nditayang'ana kumwamba ndinaona mng'alu wowonda ngati tsitsi, wochokera pakona ya zenera kulowera pakati. Ndinalemba ndi pensulo pomwe unathera. Patapita masiku atatu unali utapitirira chizindikirocho ndi zala zinayi. Lero mtengo wa machesi ukulowamo, ndipo chitseko chayamba kukhula pansi. Ndinayeza chitini chimodzi cha makande onyowa: chikulemera katatu kuposa dothi langa. Masamuwo ndinawabwereza katatu, ndikupemphera kuti ndalakwitsa. Ndi nthawi yokhayo m'moyo wanga yomwe ndinalakalaka nditakhala mbuli.

Ndinaitana a Fabiano. Analowa, anayang'ana kumwamba, n'kutuluka chafutambuyo, ndipo zonse anayankhulira panja. Tinachirikiza dengalo ndi mitengo iwiri ya bulugamu. Pochoka anandigwira dzanja n'kunena kuti mitengoyo ndi yoti tipeze mpata wotsitsa katundu, osati yoti munthu azigona pansi pake.

Tsiku limenelo ndinawauza bambo. Ulendo uno mawu anatuluka. Ndinawaonetsa kope ndi mng'alu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati konkire ndi mwala, ndipo mwala sutopa. Anati maungu achita kale maluwa, ena abereka timaungu tonga mazira a nkhuku; tidikire Febuluwale akhwime, titengemo nthanga, dengalo ndichite nalo zomwe ndikufuna. Ndinati tiwazule tiwaoke m'zitini pansi. Anati dzungu loyanga kale ukalisuntha limafa, ndipo pamenepo akunena zoona. Migolo yakeyo sitingaitsitse yathunthu. Amuna anayi sangainyamule popanda kukhuthula dothi.

Ndinawapempha kuti asamukire pabalaza m'nyumba yaikulu. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anafunsa ngati ku yunivesite kuja anatiphunzitsa kuti mpongozi wamwamuna azigona pomwe mpongozi wake wamkazi, wodwala pakati, amadutsa m'mawa atangomanga nsalu. Winifred anati iye apita kwa azakhali ake ku Seke kuti nyumba itsale ya ife awiri. Anakananso: sangathamangitse mwini nyumba m'nyumba mwake.

Ndiye ndinanena kuti Loweruka likudzali ndikhuthula migolo yonse, afune asafune. Sanakweze mawu.

"Khuthulani, aphunzitsi, nyumba ndi yanu. Ine ndikwera basi ndibwerere kupulazi. Kuli manda a mayi anu, ndipo kumeneko dothi lili pansi."

Achemwali, mukuwadziwa. Sanena chinthu kawiri. Msewu wa kupulazi ndi womwe anthu akuti muli mabomba okwirira, ndipo pakomboni sipanatsale munthu. Nkhalamba yoyankhula Chinyanja, yokhala yokha m'mabwinja, mbali zonse ziwiri za nkhondoyi zidzaifunsa kuti yatumidwa ndi yani. Ndikakhuthula, ndawatumiza kumeneko. Ndikasiya, ndawasiya pansi pa denga lomwe ndinalisenzetsa ndekha.

Lamulungu tili kutchalitchi, chibenthu cha konkire chonga chikhatho chinagwera pa mtsamiro wawo. Iwo anali padenga, akupalira. Atatsika anachitola n'kuchiika pazenera ngati mwala wosinjira mankhwala.

Sabata ino anthu onse kuno akuyang'ana utsi womwe ukufuka m'tauni chiyakireni matanki a mafuta. Ine sindinauyang'ane n'kawiri komwe. Mtambo ukangoda cha kum'mawa, ndimathamangira kukayang'ana mng'alu.

Lolemba ndinachita chinthu chomwe sindikudziwa ngati n'chanzeru. Ndinatenga mphasa yanga n'kukaiyala m'chipinda chawo, pakati pa mitengo iwiri ija. Musaganize kuti ndi kulimba mtima. Ndinasowa mawu ena basi. Winifred analira. Anati mwamuna wa maphunziro onsewa, nzeru yake yathera pokaika mutu wake pomwe pali kale mutu wina, ndipo mwana adzabadwa n'kumaonetsedwa bambo ake pa chithunzi. Kuyambira pamenepo sakundiyankhula. Sindingamutsutse. Mwinanso ndikuwalakwira bambo, kuwakakamiza ndi moyo wanga pomwe ndalephera kuwagonjetsa ndi zoona.

Bambo anangondilambalala, n'kugona. Masiku awiri tadzuka tili ndi fumbi loyera m'tsitsi, osayang'anana.

Lero m'mawa ndili kusamba kumaso ndinamva akuitana kuchokera padenga. Sanati aphunzitsi.

"Jasper. Landira."

Anali atamanga chitini cha tsabola pa chingwe. Ndinachilandira, iwo n'kukoka chingwe, n'kumanga china. Pofika masana tinali titatsitsa zitini zonse, migolo ya mpiru ndi khobwe itakhuthulidwa, mgolo wa madzi wa pakati uja atautsanulira kunja kwa khoma. Mpiru anazula okha ndi manja awo, n'kupatsa Winifred kuti agawire anansi.

Koma migolo itatu ya maungu sanaikhudze, ndipo imeneyo ndiyo ili pamwamba penipeni pa mng'alu. Nditaloza mabowo ake, anandilola kuchotsa sanza, madzi akuda n'kutuluka. Nditagwira fosholo anaima pakati pa ine ndi migoloyo. Anati nthanga zinali zisanu ndi zinayi, zomera ndi zisanu ndi imodzi, ndipo padziko lonse palibenso zina. Anati akalola kuti zife m'manja mwawo, akakawapeza mayi athu adzawauza chiyani. A Fabiano abweranso masana ano ndipo akuti tapepukitsa, koma mng'alu ukayamba subwerera. Mvula yamphamvu imodzi kapena ziwiri ndi yokwanira.

Tsono pempho langa ndi ili. Mukupita ku Wanki mutangokwatiwa, amayi anakumangirani nthanga m'kansalu. Ndikukumbukira chifukwa ndine ndinanyamula mtanga wanu mpaka pa basi. Kodi munkadzala kuseri kwa nyumba ya ku mgodi? Kodi mbewu yake ikadalipo? Ngati zilipo, ngakhale zisanu zokha, bwerani nazo nokha pa sitima ya Lachisanu, muziike m'manja mwawo. Akaona kuti maungu a amayi sathera padenga lino, ndikhulupirira adzandilola kugwira fosholo.

Pa mzere womwe mukuona nditafafaniza pamwambapa ndinalemba kuti ngati zinatha mugule za pamsika, muzipake phulusa. Musatero. Adzazidziwa asanazitembenuze n'komwe, ndipo pamenepo sadzakhulupiriranso inu kapena ine. Ngati zinatha, bwerani chimodzimodzi, mudzawauze zoona. Kuyambira pomwe amayi anatisiya, mawu omwe amawamvera ndi anu okha. Ndikudziwa kuti msewu wa njanji nawo suli bwino masiku ano, ndipo ndikuchita manyazi kukuikani pa ulendo wotere chifukwa cha chinthu chomwe ndikanachiletsa mu Okutobala ndi mawu awiri. Alamu akakana, ndidzamvetsa.

Mpaka mutafika ndizigona momwemo. Loweruka ndidikira sitima kaye.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana Easter ndi Kefasi, ndi kwa onse a mumpingo wanu omwe amatikumbukira. Winifred akanapereka moni wake akanakhala kuti akundiyankhula, ulandireni ndithu. Mulungu akusungeni panjira, ndipo mutipempherere kuti kumwamba kuume masiku atatu okha.

Ndine mlongo wanu,
Jasper

A Shadrick ogwira ntchito kunjanji, omwe akwera sitima ya madzulo ano ndi kalatayi, afika ndipo akana kukhala pansi poopa kusiyidwa ndi basi. Akuti akupezani mawa lisanafike dzuwa pamutu. Bambo atsika, awapatsa moni, afunsa kuti kalatayi ikupita kwa yani. Ndawauza kuti kwa inu, ndiponso chomwe ndapempha. Ati ndikuuzeni kuti nthanga za amayi ndi zazitali, zili ndi mzere woderako m'mphepete, musasokoneze ndi zina. Kum'mawa kwayamba kuda. Ndikupinda mapepalawa tsopano, a Shadrick atambasula kale dzanja.