Kapitao Wathu wa Miyendo Inayi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Lifuwu tilipo, kungoti pakhomo panazizira chichokereni inu. Mpunga uja munausiya utangomera tinakolola bwino, ngakhale mpheta zinatengako gawo lawo osapempha. Mwana wanu Mariya wachira, watipatsa mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, liwu nalonso ndi lanu akafuna kanthu. Nkhokwe yakale ija inagwa ndi chiswe, koma amuna anga, bambo a Tereza, aluka ina.

Tsopano khalani bwino ndikuuzeni za galu. Ndikudziwa kuti mwakwinya kale nkhope, inu amene munkati, "Galu malo ake n'kudzala."

Ndinamupeza ndekha ndikudula bango kudambo. Poyamba ndinkayesa nkhandwe, ndipo chikwanje ndinachigwiritsa. Ubweya wautali, wakuda, pakhosi poyera, thupi lonse chisoso ndi nkhupakupa, nthiti zili poyera. Sanauwe, sanathawe. Anangondiyang'ana m'maso ngati munthu wodikira kuti umutume. Ndinamuponyera chinangwa chomwe ndinatenga cha kamba, ndipo pobwerera ndinangomva mapazi pambuyo panga. Bambo a Tereza atafunsafunsa ku Salima anamva kuti anali wa mzungu wina wolima thonje kumtunda, amene ankawetanso nkhosa. Mzunguyo anagulitsa zonse n'kubwerera kwawo, galu n'kutsala. Akuti mtundu wake ndi koli, ndipo kwawoko ntchito yake ndi ubusa.

Anthu anatiseka, amayi. Achimwene Yosefe anamutenga kupita naye ku uzimba. Gwape atadzambatuka, agalu onse anamukhalira kumbuyo, koma wathuyu anathamanga mozungulira n'kuyamba kusonkhanitsa agalu anzakewo pamalo amodzi. Gwape anapita osatembenuka. Alenje anabwerako pakamwa pali tolotolo, ndipo achimwene analumbira kuti galu wopusa chotere sanamuonepo.

Koma mukanamuona ali ndi mbuzi! Sazithamangitsa ayi. Amazizungulira patali, kenako n'kugona chafufumimba, mutu pansi, maso ali pa izo. Mbuzi zimangotembenuka zokha kulowera kukhola, ngakhale tonde wosamva uja amene anakugwetsani pachitsime. Chibwerereni iye sitinaitanidwepo pa mlandu wa mbuzi zodya m'munda wa eni. Akathana ndi mbuzi amayamba abakha, akathana ndi abakha amayamba ana. Tereza ndi anzake sangamwazikane iye alipo. N'chifukwa chake tinamutcha Kapitao, ngakhale akapitao enieni sagwira ntchito chotere. Munkanena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma sindikhulupirira kuti munkaganizako za mlendo wa mchira.

Ali ndi zovuta zake. Kutentha kwa kuno kumamuzunza, moti ndimamumeta ubweya ndi sizasi, iye n'kukagona patsinde pa mtsuko pomwe pamanyowa. Amadya phala la madeya ndi usipa wotsala. Akasowa chochita ndiye satipatsa mtendere: amatola chitsononkho n'kukuikira pamwendo kuti uponye, ukaponya abweretsanso, mpaka dzanja kuwawa. Komabe ndimamukonda, ndipo sindichita manyazi kunena.

Za abambo sindikubisirani. Thupi lilipo, koma maganizo anapita nanu. Amatha kunyamuka masana dzuwa lili pamutu, kutenga ndodo, ati akukakuitanani kudambo chifukwa mwachedwa. Tsiku lina asodzi anawapeza ali m'madzi ofika m'mawondo pamathiriro a mtsinje, paja pamakhala ng'ona. Mbiri inafika kwawo ku Chitala. Muphwa wawo, a Zakeyo, anatuma mawu akuti popeza tinameta kale ndipo abambo anasudzulidwa, mkamwini alibenso chomusunga pamudzi wa eni. Anati abwera kudzawatenga, poti ife tikulephera kuwasamala.

Mawuwo anandilasa chifukwa munali choonadi. Kholo sungalimangirire pachikhomo, ndipo ine ndili ndi munda ndi ana. Koma ku Chitalako abambo akadziwa yani? Anachokako ali mnyamata. Mango onse a pakhomo pano anabzala ndi manja awo, ndipo inu mwagona kuno.

M'masiku odikira a Zakeyo ndi pamene ndinaona zimene Kapitao anayamba. Palibe anamuphunzitsa. Abambo akangogwira ndodo, iye makutu ali tcheru. Akamayendayenda pabwalo amawasiya. Koma akaloza njira ya kudambo, amazungulira n'kukawagonera kutsogolo, maso ali pa iwo. Abambo amukalipira, apatukira kumanzere, iye ali pomwepo. Apatukira kumanja, ali pomwepo. Mapeto ake amatopa n'kutembenuka, galu akuwatsata pang'onopang'ono mpaka kuwafikitsa pakhonde. Dzino lake silinawakhudzepo ngakhale kansalu.

A Zakeyo atafika ndinawafotokozera zonsezi. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kufunsa ngati kunyanja kuno akuluakulu tayamba kuwalembera agalu. Koma mwambo unali kumbali yawo. M'mawa mwake ndinamanga kamtolo ka abambo: bulangete, malaya a kutchalitchi ndi kachitini ka fodya. Ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe kuti ana asandione. Iwo ananyamuka, a Zakeyo akukankha njinga, abambo akutsatira ngati munthu wosadziwa kumene akupita.

Atayandikira pamlambe paja potulukira m'mudzi, ndinangoona chinthu chakuda chikudutsa m'munda wa chinangwa. Kapitao sanatsate njira. Anazungulira patali monga amachitira ndi mbuzi, n'kutulukira kutsogolo kwawo, n'kugona pakati pa njira. A Zakeyo anamuopseza ndi mawu, iye osasuntha. Anamugenda ndi chibuma, iye osasuntha. Anatola mwala n'kumumenya nawo paphewa. Analira kamodzi kokha, koma mimba sinachoke pansi, ndipo maso sanachoke pa abambo.

Ine ndinali nditathamangira komweko. Abambo anaima n'kumuyang'ana galuyo nthawi yaitali. Kenako anaseka, amayi, kuseka kuja kogwedeza mapewa, kumene sitinakumvepo chiikireni maliro anu. Anagwira mkono wa muphwa wawo nati, "Zakeyo, usamugende. Akundiitana kwathu." Anatembenuka okha n'kuyamba kubwerera.

Zaka zonse za chikamwini chawo, kodi munawamvapo akutchula mudzi uno kuti kwathu? Ine sindinamvepo. Nthawi zonse ankatiuza anafe kuti, "Kuno n'kwa amayi anu."

A Zakeyo anaima pamenepo ndi njinga yawo, kamtolo kali pakaliyala. Si munthu woipa, nawonso amawakonda amalume awo. Anakhala nafe masiku angapo akuonerera, ndipo anadzionera okha abambo akubwezedwa panjira ya kudambo. Pochoka anatenga nsomba zouma zimene ndinawamangira, kamtolo n'kusiya pakhonde. Anati adzabweranso mvula ikatha kudzaona ngati zinthu zili chimodzimodzi. Phewa la Kapitao likadali lotupa, ndipo ndikumuthowa ndi madzi ofunda. Akutsimphina, koma ntchito sanasiye.

Choncho musade nkhawa ndi amuna anu. Akudya, akugona, ndipo dzulo anamunyamula mdzukulu wa dzina lanu n'kumuimbira. Ndikulonjeza kuti ndiwasunga pano, pamudzi umene autcha okha kwawo, mpaka tsiku limene mudzawaitana inu eni.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,

Esitere