Kuonda kwa Esitere ndi Tambala wa a Davide

Halale,
Okutobala, 1956

Okondedwa achimwene a Isake,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana kumeneko ku Mitundu. Kodi amayi mwendo uja unaphwa? Ife kuno tili bwino tonse awiri, ngakhale ku Nathenje kwamveka kuti mmodzi wa ife watsala pang'ono kufa ndi njala. Nkhani imeneyi ndi imene yandigwiritsa pensulo lero, ndiye mupeze pokhala chifukwa ndi yaitali.

Ntchito ikuyenda. Ndidakali kuja kophika buledi, koma anandichotsa kokanda ufa n'kundiika pa uvuni. Nsidze zinapserera mwezi woyamba ndipo sizinamerebe, choncho mukadzandiona musadzathawe.

Mukukumbuka mmene mlamu wanu Esitere ankaonekera titabwera kumudzi chaka cha dzana. Titafika kwawo ku Nathenje azimayi anaimba nthungululu, akumugwira masaya ndi mikono. Amalume ake, a Esau, eni mbumba amene anandilola kumutenga chitengwa, anamuzungulira kawiri n'kunena kuti m'mudzi monse mkamwini wodziwa kusunga mkazi ndine ndekha. Anandigwirira nkhuku yathadzi. Ine ndinadya nkhuku ija mosangalala, mafupa omwe, osadziwa kuti ndikudyera matenda.

Achimwene, kunenepa kuja sikunali kwa buledi. Munthu ankadya pang'ono ngati mwana koma thupi likungofufuma. Mwezi ngati uno, dzuwa likuswa mtengo, iye ali m'bulangete akuti akumva kuzizira. Tsitsi linkatsalira m'chipeso. Ukamufunsa kanthu m'mawa, yankho unkalilandira pobwera kuntchito. Mawu ake anasasa mpaka mnzanga wina atagogoda pakhomo n'kuyankhidwa, anabwerera n'kudzandinong'oneza kuntchito kuti m'nyumba mwanga muli mwamuna. Ine ndinkangoti mkazi wanga ndi wofatsa, ndipo ndinkanyadira pamaso pa anzanga amene akazi awo ndi olongolola.

Tsiku lina masana anagona ali chikhalire pafupi ndi mbaula, nsalu n'kuyamba kunyeka iye osamva. Anamupulumutsa ndi akazi a Davide, a nyumba yoyandikana ndi yathu, amene anamva fungo. Ndi iwowo anatikakamiza kupita kuchipatala.

Dokotala anamugwira pakhosi, anamutsina khungu, kenako anamumenya bondo ndi kanyundo. Mwendo unachita kuganiza kaye usanadumphe. Kudzera mwa womasulira, anatiuza kuti pakhosi pa munthu aliyense pali kanyama kotchedwa chithokomiro, ndipo kamathira madzi ake m'magazi amene amakoleza moto wa m'thupi. Ka mlamu wanu kanachita ulesi, moto n'kuzirala, ndiye chakudya sichinkapsa koma kungounjikana. Apa ine ndinamva msanga kuposa womasulirayo, chifukwa uvuni ukazirala buledi amafufuma ndithu koma m'kati ali wamuwisi.

Anamupatsa timapiritsi ting'onoting'ono toti azimwa m'mawa uliwonse mpaka ukalamba wake. Akuti amatipanga ndi chithokomiro cha nkhosa, choumitsa n'kupera. Ndinafunsa ngati sitingamangogula khosi la nkhosa kubutchala n'kumaphika, poti ine ndikanathandiza nawo kumwa mankhwalawo. Dokotala anaseka, nati mankhwalawa ndi oyeza, akachepa munthu amagona, akachuluka mtima umathamanga. Masabata oyamba ndinkatchera khutu kuti mwina ayamba kulira ngati nkhosa, koma sizinachitike.

Zimene zinachitika ndi zina. Bulangete linabwerera pabedi. Nkhope inaphwa, maso n'kuonekera, ndipo ndinakumbuka kuti mtsikana amene ndinamufunsira pa msika wa Nathenje anali wa maso aakulu. Pena mtima unayamba kumugunda kwambiri ndi kutuluka thukuta, dokotala n'kuchepetsako mlingo, zinthu n'kukhala bwino. Tsopano amadzuka ine ndisanadzuke, amasesa mpaka pakhomo pa eni ake, amadya kuposa ine, koma madiresi onse anachita kuwabweza kwa telala. Ndipo achimwene, kufatsa kuja kunali matenda. Mlamu wanu amalankhula. Akukumbuka chilichonse chimene ndinalonjeza zaka zimene ankagona zija, ngakhale zimene ndinkanena poganiza kuti sakumva.

Mavuto anabwera ndi Maliko, msuweni wake uja wa ku Nathenje. Anafika kuno kudzafuna ntchito, anakhala kwathu, anadya buledi wanga mpaka lamba anaboola bowo lina, ntchito osaipeza chifukwa ankaifunira pamkeka. Atabwerera kumudzi anakanena kuti Esitere watha, watsala mafupa okhaokha. Za mapiritsi tinamufotokozera, koma zikuoneka kuti zinagwera m'sitima.

Ku Nathenje anakhala pansi n'kuiganiza bwino nkhaniyo. Anati mwamuna wogwira ntchito ya buledi mkazi wake sangaonde, ndiye ngati waonda, kuli mkazi wina amene akunenepa. Uthenga wa a Esau unandipeza ndi munthu wobwera kuchokera kwawoko. Akuti chitengwa si kugula, mwana wawo anangondibwereka, ndipo ndimubweze mvula isanagwe. Ndikapanda kutero atumiza anthu odzamutenga, ukwati n'kuthera pomwepo.

Ine ndinaseka, koma mlamu wanu sanaseke. Amawadziwa amalume ake kuti akanena abwera, amabweradi.

Patapita masabata angapo ndinaona bulangete latsikanso pabedi. Poti kuzizira kunali kutayamba, sindinadabwe. Kenako kulongolola kunachepa, ndipo ndisaname, masiku oyamba ndinathokoza Mulungu. Koma masaya anayambanso kutupa, ndiwo zinayamba kupserera, ndipo mawu a mwamuna uja anabwerera m'nyumba mwanga. Ndikafunsa za mapiritsi ankati akumwa, ndikayang'ana m'botolo ndinkapeza akuchepa ndithu.

Anatiululira ndi tambala wa a Davide. Tambala ameneyu anali waulemu wake, wonenepa, wolira pa nthawi yake. Mwadzidzidzi anayamba kulira masana onse osapuma, kuthamangitsa agalu, kudya ngati dzombe koma akuonda, nthenga zikuthothoka mpaka khosi linatsala lambulanda. Nkhuku zathadzi zinkamuthawa n'kukabisala kunsi kwa bedi. A Davide anayamba kunena kuti pali munthu wawalodzera chiweto, ndipo ankayang'ana kwa ine. Lamlungu lina m'mawa ndili kuseri kwa nyumba ndinaona zenera lathu likutseguka, dzanja likuponya kanthu koyera, ndipo tambala uja anali atayima kale pansi pa zenera kudikira. Anakawakha kasanafike pansi.

Ndinalowa m'nyumba ndili ndi mawu ambiri okonzeka. Ndinamupeza atakhala pabedi, atafunda bulangete, maso ali otupa, ndipo ndinangokhala pansi pambali pake. Anandiuza pang'onopang'ono, monga ankalankhulira kale, kuti akufuna anenepe msanga kuti anthu a amalume akabwera adzamupeze monga anamuonera, adzabwerere okha. Anati kuli bwino azigona tsiku lonse m'nyumba mwanga kusiyana n'kukakhala maso ku Nathenje ine kulibe.

Achimwene, mtima unandiwawa kwambiri. Ndinamuuza kuti mkazi wogona uja ndinakhala naye zaka zambiri ndipo ndinkamusowa ali pomwepo. Ndinati wolongolola uja ndi amene ndikumufuna, andinene mmene angathere, ndipirira. Analira, inenso ndinayang'ana kudenga nthawi yaitali ndithu.

Tinabwerera kwa dokotala ndipo anatikalipira tonse awiri, ine kwambiri, ngakhale sindinaponye kanthu pazenera. Anati kusiya mankhwala amenewa si masewera, munthu akhoza kugona osadzukanso. Anamuyambitsanso pang'onopang'ono. Nditamuuza za tambala anavula magalasi n'kupukuta misozi, kenako anaitana mnzake kuti ndifotokozenso. Tsopano mlamu wanu amameza ine ndikuona, ndipo amandinena kuti ndikumuyang'anira ngati kapitawo wa pa esiteti. Waondanso bwinobwino. Tambala uja ananenepanso, nthenga zinamera, koma mpaka lero m'mawa uliwonse amabwera pansi pa zenera n'kuyang'ana m'mwamba.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndinu nkhoswe yanga, ndipo mvula yayandikira. Chonde mukwere njinga mupite ku Nathenje mukakhale pansi ndi a Esau pamodzi ndi ankhoswe a kuchikazi. Mutenge nkhuku imodzi mwa zanga zili kwa amayi, yathadzi, kuti pakamwa pakatseguke bwino. Mukawauze zonse ndalembazi, za tambala zomwe, chifukwa mwina akakhulupirira tambala kuposa ine. Mukawauze kuti mkazi wina kulibe, poti mmodzi yemweyu wandikwanira ndi kutsalako. Mukanene mwaulemu kuti mwana wawo sindinamugule, ndikudziwa, koma akamutenga n'kupita naye kutali ndi mapiritsi ake, adzanenepa ndithu monga akufunira, kenako adzamuika m'manda ali wonenepa. Mawu amenewa mukawasalaze inuyo, mumadziwa kulankhula ndi akuluakulu.

Tsono pali kanthu kena kamene mwamuna sayenera kulemba m'kalata, koma ndilibe mayi wamkulu kuno woti andinenere. Mukudziwa kuti zaka zonsezi m'nyumba mwathu mwakhala muli zii, ndipo mukudziwa zimene anthu ankanena za ine ndi za iye. Dokotala anatiuza pachiyambi pomwe kuti moto wa m'thupi ukazirala, zinanso zimazirala. Mwezi wathawu mlamu wanu anayamba kudana ndi fungo la buledi, moti ndikaweruka ndimasambira panja. Tinapita kuchipatala ndili ndi mantha kuti mankhwala amulakwira. Dokotala atamuyeza anandigwira chanza, nati mapiritsi asasiye ngakhale tsiku limodzi, chifukwa tsopano akumwera anthu awiri.

Izi muwanong'oneze amayi okha, iwo adziwa azimayi oyenera kuuzidwa ndi nthawi yake. Kwa a Esau musakatchule. Mukangowauza kuti ngati akufuna mwana wawo wonenepa, aleze mtima mpaka nthawi yokolola. Adzanenepa kuposa chaka cha dzana, kungoti kutsogolo kokha. Ndi munthu wamkulu, akamva.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti bulangete limene mlamu wanu wasiya kufunda ndiwatumizira ndi munthu wodalirika, osati Maliko. Moni kwa alamu anga, kwa achemwali a Zipora ndi amuna awo, kwa atsibweni ku Likuni, ndi kwa ana onse. Mlamu wanu akuti moni wambiri. Wanenanso zina zambiri zoti ndilembe, koma pepala latha iye asanathe.

Tsalani bwino, ndipo mundiyankhe mitambo isanade.

Ndine mng'ono wanu,
Gilibati